Za PS5 Pro zi zanditopetsa

Koma abale zomangotulutsa makina atsopano osewerera magemu pa TV zimenezi zandikwana. PS4 (PlayStation 4 ya kampani ya Sony) inatuluka 2013, pofika 2016 kwabwera PS4 Pro. Xbox One ya kampani ya Microsoft nayonso chimodzimodzi, 2017 akuti One X. PS5 ya 2020 ija ena angoigula kumene atasunga ndalama miyezi yambirimbiri, 2024 kwatulukiranso PS5 Pro, pafupifupi madola 700 panthawiyo, yopanda ndi polowetsa disiki pomwe, ukagule padera! Nanga madisiki adzadza m'kabati aja tizitani nawo? Magemu ake ndi omwewo, kuti uone kusiyana mpaka ukhale ndi TV ya 4K (yoonetsa zithunzi bwino kwambiri) n'kuyandikitsa maso pa sikirini, udzu wa m'bwalo la mpira wangowalako pang'ono basi. Munthu wavutika, wagula, asanakhute n'komwe akumva kuti chake chatsalira? Tisiyeni tidyerere kaye zomwe tinagulazi, zikundiwawa zedi ine.