Opaleshoni ya kummero: kuno ku Harare kapena kumudzi?

Mwana wanga wachiwiri ankaliza mkonono ngati munthu wamkulu ali ndi zaka 4 zokha. Ankagona kukamwa kuli yasa, nthawi zina mpweya n'kuima kaye, kenako n'kudzidzimuka. Ine ndinkachezera usiku m'chipinda chathu ku Mufakose, dzanja lili pachifuwa pake. Adokotala atamuona anati ma tonsils, tinyama ta kummero, pamodzi ndi nyama ya kuseri kwa mphuno, imene iwo amati adenoids, zakula mpaka kutseka njira ya mpweya, ndipo ziyenera kuchotsedwa.

Nditawauza achemwali anga a ku Ndirande pa WhatsApp, sanachedwe kuyankha: "Bwera naye kuno iwe, ku Gulupu salipiritsa." Ambirife a ku Mufakose, Mbare ndi Mabvuku amene makolo athu anachokera ku Malawi tinamvapo mawu amenewa, ndipo si bodza ayi. M'zipatala za boma ku Malawi, monga Queen Elizabeth (Gulupu uja) ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, wodwala salipira opaleshoni.

Kuno njira yake imayambira ku kiliniki ya khonsolo, kumene amakulembera kalata yopita ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe, chipatala chimene anthu amachitchulabe kuti ku Gomo. Boma limati ana osakwana zaka 5 salipira, koma mankhwala ndi zoyeza zina nthawi zambiri umakafuna kunja ndi madola a ku America. Mzere wa odikira nawo ndi wautali, ndipo amene analipo mu 2019, madokotala atanyanyala ntchito kwa miyezi, akukumbukira mmene masiku a opaleshoni ankasunthira. Ku zipatala zolipira zinthu zimafulumira, koma bilu imabwera patatu: ya dokotala wong'amba, ya dokotala wogonetsa, ndi ya chipatala. Ngakhale amene ali pa medical aid, inshuwalansi ya kuchipatala, monga CIMAS kapena PSMAS, amakumana ndi chimene kuno timati shortfall, ndalama imene medical aid yasiya kuti ulipire wekha. Pemphani mitengo yonse itatu papepala, muipereke ku medical aid tsiku lisanafike.

Chimene ndimachitira nacho ulemu Malawi n'chakuti anapeza njira ali ndi madokotala ochepa. Kwa zaka zambiri dziko lonse linkadalira Dr Wakisa Mulwafu, amene anaphunzira za makutu, mphuno ndi mmero ku Cape Town. Iwo anayamba kuphunzitsa ma clinical officer ntchito imeneyi, kuti mwana wotuluka mafinya m'khutu ku boma lakutali aonedwe ndi munthu wodziwa. Ku Zimbabwe akatswiri alipo ochulukirapo, koma anaunjikana ku Harare ndi ku Bulawayo, ndipo ambiri umawapeza msanga ukakhala ndi ndalama. Kwa munthu wokhala ku Mufakose zimenezi zikutanthauza kuti katswiri ali pafupi, kombi imodzi kapena ziwiri. 

Chinanso chimene kumudzi amatiposa ndi gadiyani. Kumeneko wodwala sagonekedwa yekha: pamakhala mayi, azakhali kapena agogo ogona pambali pa bedi, ophika phala kukhitchini ya magadiyani, othamangira anamwino usiku. Kuno abale athu ndi ochepa, ndipo aliyense m'mawa amapita kukasaka ndalama. Mtima wanga unkakokera ku Blantyre makamaka pa chifukwa chimenechi, kuposa za ulere.

Anandibweza ndi namwino wina wachikulire amene anandifunsa kuti, "Amayi, akatha opaleshoni mudzakhala kuti masabata awiri?" Anandifotokozera kuti kuchotsa ma tonsils sikutenga ola lathunthu, koma bala lake silisokedwa, limapola lokha. Kummero kumachita zoyera ngati mafinya, koma ndi nkhanambo chabe, ndipo ikamachoka, kawirikawiri pakati pa tsiku la 5 ndi la 10, mwana akhoza kutaya magazi. Nthawi imeneyo ayenera kukhala pafupi ndi chipatala chokhala ndi fiyeta. Tsono taganizani ulendo wa basi wochokera ku Blantyre, makilomita pafupifupi 600, kudzera pa Mwanza, Zobue, Tete mpaka Nyamapanda, ndi kuima pa zipata za malire kwa maola padzuwa la ku Tete lija. Ine tchuthi cha kuntchito chinali cha masiku ochepa. Ndikanapita, ndikanabwerera naye bala lili laliwisi.

Ndipo tsiku lokha silodalirika. Lathu loyamba linalephereka chifukwa mwana anadzuka ndi chimfine ndi kutentha thupi, ndipo wogonetsa anakana kumugoneka, zimene zinali zoyenera. Tinabwerera kunyumba ndi kachikwama kathu. Zikanatichitikira ku Blantyre, ndalama ya basi ikanapita pachabe, ndipo tikanayamba kuwerenganso masabata m'nyumba ya eni.

Choncho tinagwirizana kuti mwana asayende, ayende gadiyani. Tinasonkha ya basi, achemwali anabwera ndi ufa wa mgaiwa wa phala m'thumba. Opaleshoni isanachitike anamuyeza magazi, anatifunsa ngati m'banja muli wina amene magazi ake amachedwa kuleka kutuluka, ndiponso za matenda a magazi a sickle cell. Anasiya kudya maola 6 asanalowe, madzi okha mpaka kutatsala maola 2. Atatuluka ankadandaula makutu, ngakhale makutuwo sanakhudzidwe. Ululu wa kummero umamvekera kumeneko. Tinkamupatsa paracetamol pa nthawi yake, ngakhale usiku, osati aspirin, ndipo achemwali ankamunyengerera kumwa madzi ndi kudya pang'onopang'ono, chifukwa mmero ukauma ululu umakula.

Usiku wa tsiku la 7 achemwali anandigwedeza: "Mayi a mwana, tadzuka, akungomeza malovu ali m'tulo." Titayatsa tochi ya foni tinaona magazi ofiira pa pilo. Sitinadikire kuti kuche. Aneba anatitenga pa galimoto yawo, ndipo pasanathe ola anali m'manja mwa madokotala amene anali ndi fayilo yake. Magazi analeka, anamugoneka usiku umodzi kuti amuyang'anire.

Sindikunena kuti aliyense achitire kuno. Amene angathe kukhala ku Malawi mwezi wathunthu, ali ndi mapepala ake ndi abale pafupi ndi chipatala, akhoza kupeza chithandizo chabwino osagulitsa katundu wa m'nyumba. Koma pa ma tonsils, kapena timapaipi ta m'makutu timene amati ma grommets, amene amafuna kuonedwanso mpaka atagwa okha pakatha miyezi 6 mpaka 12, dokotala amene anagwira ntchitoyo ayenera kukhala wofikirika. Achemwali anakhala nafe mpaka tsiku la 15, adokotala atayang'ana kummero n'kunena kuti kwapola, ndipo m'mawa mwake ndi pamene tinawaperekeza kukakwera basi ya ku Blantyre.