Osaseka Mozambique chifukwa cha zigoli 15 za Brazil

Dzulo ndinapsa mtima kometa tsitsi ndipo mpaka pano mtimawo sunatsike. Bambo wina wamkulu ndithu anapeza kavidiyo pafoni yake ka masewero a futsal, mpira wa anthu asanu mbali iliyonse, a mu 2016, pomwe Brazil inathibula Mozambique zigoli 15 kwa 3. Ndiye kuseka kwake, mpaka misozi. Akuti, "Amenewa ankakatani kumeneko? Bola akanangokhala kwawo." Ena onse n'kumaseka nawo, foni ikuyenda m'manja. Ine ndinangowafunsa kuti, "Bambo, masewero amenewa anali a chikho chanji, mukudziwa?" Yankho panalibe.

Ndiye ndinene pano. Anali masewero a World Cup. Chikho cha dziko lonse cha FIFA, ku Colombia, matimu 24 okha padziko lonse lapansi, ndipo Africa inapatsidwa malo atatu basi. Malo amenewo anatenga Morocco, Egypt ndi Mozambique. Anzathu a tsidya linalo la malire, omwe timagulana nawo chimanga ndi mbatata pa Tsangano ndi pa Lizulu, anakaima pabwalo limodzi ndi Brazil, nyimbo ya fuko lawo ikuimbidwa dziko lonse likumva. Inu mukuseka chiyani pamenepa?

Malowo sanachite kupatsidwa ngati mphatso. Mu April 2016 anapita ku South Africa ku mpikisano wa matimu a mu Africa, anafika mpaka mu semifainolo, ndipo atagonja kumeneko anakumana ndi Zambia polimbirana malo achitatu. Wopambana ndiye amapita ku Colombia, wogonja amabwerera kwawo. Anafanana mphamvu mpaka zinathera pa mapenate, Mozambique n'kudutsa. A Zambia nawonso ndimawapatsa ulemu, chifukwa anatsala pang'onong'ono kuti alowe. Komanso sikuti Mozambique inangotulukira chaka chimenecho. Mu 2004 inali itafika kale mu fainolo ya Africa, n'kugonja kwa Egypt, yomwe nthawi imeneyo inali itatenga chikhocho mu 1996 ndi mu 2000. Kuchokera 2004 kukafika 2016 ndi zaka 12 anthu akulimbikira osatopa. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Ndipo wosekayo anangoona masewero amodzi okha. Mu gulu la Mozambique munali Brazil, Ukraine ndi Australia. Australia inawapambana movutikira, 3 kwa 2. Ukraine, timu ya ku Ulaya yomwe futsal imaidziwa bwino, inawapambana 4 kwa 2. Kodi zimenezi ndi zigoli zochititsa manyazi kwa timu yomwe ikupita koyamba? Ayi ndithu. Anagonja masewero onse atatu, inde, koma anachinya m'masewero onse atatuwo. Ngakhale Brazil yeniyeniyo anaimwetsa zitatu.

Brazil yake iti? Yomwe inali itatenga kale chikhochi kasanu, mu 1989, 1992, 1996, 2008 ndi 2012. Yomwe munali Falcão, munthu amene anachinya zigoli 48 mu World Cup yokhayokha pa moyo wake. Brazil yomweyo mu gulu lomwelo inakuntha Australia 11 kwa 1, ndipo mu 2000 inakuntha Guatemala 29 kwa 2 pakwawo penipeni. Bwanji simukuseka Australia, dziko la ndalama zake? Mukuseka Mozambique chifukwa ndi mnzathu wapafupi, wakuda ngati ife, ndiye mukuona ngati sayenera kukafika kumeneko. Zimenezi n'zomwe zikundinyansa.

Anthu ambiri oseka sadziwa n'komwe kuti futsal imaseweredwa bwanji. Osewera ndi asanu mbali iliyonse kuphatikizapo goloboyi. Bwalo ndi laling'ono, mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi. Chigawo chilichonse ndi mphindi 20, koma wotchi imaima mpira ukangotuluka, ndiye palibe zogona pansi kuti nthawi ithe. Ukaphonya pasi imodzi, mnzako ali kale pagolo pako. Ukatopa pang'ono, zigoli zitatu zalowa usanapume n'komwe. M'masewero otere zigoli zimachuluka, ndipo timu yaing'ono ikakumana ndi akatswiri ilibe pobisala. Munthu woti sanathamangepo pabwalo lotere ngakhale mphindi zisanu asamatsegule pakamwa kunyoza amene anathamangapo ndi Brazil.

Ndibwereze, chifukwa ena samamva kamodzi. Kuti Brazil ikuchinye zigoli 15 mu World Cup, uyenera kuyamba wafika ku World Cup. Ife sitinafikeko, kaya pa futsal kaya pa mpira wa anthu 11. Flames timaikonda, timailirira, koma World Cup timaionera pa TV. Ndiye tingaseke bwanji munthu amene anakwera ndege n'kukasewera? Wogonja ku Colombia ndi wokhala pa benchi ya ometa tsitsi, wamkulu ndani? Ulemu upite kwa amene anatuluka thukuta. Amene sanapiteko akhale chete, kapena afunse kuti anzathuwa anadutsa njira iti.

N'zoona kuti Mozambique sinabwerereko mu 2021 ndi mu 2024. Ya kum'mwera kuno yomwe inapita ndi Angola maulendo onse awiri, ndipo zifukwa zake ndi zomwe timazidziwa tonse, ndalama ndi mabwalo. Koma onani Morocco. Inapirira ndi mphunzitsi mmodzi, Hicham Dguig, kuyambira 2010, n'kutenga chikho cha Africa mu 2016, 2020 ndi 2024. Mu 2021 ku Lithuania inafika mu kotafainolo ndipo Brazil inachita kuvutika kuti ipambane 1 kwa 0. Morocco yomweyo mu 2012 inabwerako ku World Cup itagonja masewero onse a m'gulu. Akanamvera anthu oseka ngati bambo aja, bwenzi atasiya kalekale.

Ndipo ndisanaiwale, a mawayilesi nanunso muli ndi mlandu. Pulogalamu ya zamasewero ola lathunthu, nkhani yake Arsenal, Manchester United, Chelsea, ndani wagulidwa ndalama zingati ku England. Mwana wa ku Dedza amadziwa osewera onse a Liverpool mpaka okhala pa benchi, koma sadziwa kuti dziko lomwe malire ake amaliona ali pakhonde linakasewerapo World Cup ya futsal. Mu 1989, World Cup yoyamba ku Netherlands, Zimbabwe inaliko pamodzi ndi Algeria. Ndani anakuuzanipo zimenezi pa wayilesi? Angola inafika mu fainolo ya Africa mu 2024 ku Rabat, munamva liwu limodzi? Mumangotiwerengera zigoli za ku Ulaya m'mawa, masana ndi madzulo, kenako mukudabwa kuti anthu akuseka anansi awo.