Pulani ya tauni ya Nkhotakota izindikire zimene zili pansi pa nthaka

Maganizo anga ndi akuti khonsolo ya Nkhotakota isamapereke chilolezo chomanga m'dera lakale la m'mbali mwa nyanja akatswiri a zinthu zamakedzana asanaone malowo, ndipo lamulo limeneli lilembedwe m'pulani ya tauni kuti lisadalire mtima wa amene ali pampando chaka chimenecho.

Mlendo akabwera timamuonetsa mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mtsogoleri wa amalonda achiswahili amene ankalamulira kuno, m'zaka za m'ma 1860, manda a ma Jumbe, komanso tchalitchi cha All Saints kumene anaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira panyanja mu 1895. Zimenezi zimaoneka ndi maso, choncho zili nawo ozilankhulira. Koma kuyambira pamene Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba, anakhazikika kuno cha m'ma 1840 mpaka ulamuliro wa ma Jumbe utatha mu 1894, malo ano anali doko lalikulu, pomwe minyanga ya njovu ndi akapolo ankawolotsedwa pa zombo kupita tsidya lija, ulendo wa ku Kilwa, doko la ku gombe la nyanja ya mchere m'dziko limene lero ndi Tanzania. Anthu amene ankaphika, kusula zitsulo, kulima mpunga ndi kufera pano sanasiye kalata. Mbiri yawo ili m'dothi.

Aliyense amene anaimapo pamene anyamata akukumba maziko kapena nkhuti youmbira njerwa amadziwa zomwe khasu limatulutsa nthawi zina: mapale okhala ndi timizere m'khosi, phulusa lakuda la pamoto wakale, mkanda umodzi wagalasi. Zonsezo zimaponyedwa pamulu, mawa lake zalowa m'chikombole. Chimandiwawa n'chakuti phale likachotsedwa pamene linagona limasiya kunena zaka zake, pakuti katswiri amadziwa nthawi poona kuya kwake, makala amene lagona nawo, ndi zimene zili pamwamba ndi pansi pake. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, katswiri wa zinthu zamakedzana Yusuf Juwayeyi anakumba mosamala n'kupeza mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China, umboni woti Amaravi ankachita malonda ndi maiko akutali. Malowo akanayamba kukumbidwa ndi oumba njerwa, bwenzi lero tikungoganizira.

Malamulo alipo. Monuments and Relics Act ya 1990 imateteza zinthu zoterezi, ndipo Physical Planning Act ya 2016 imapatsa makhonsolo udindo pa kamangidwe m'madera mwawo. Nkhotakota ilinso pa njira za akapolo zimene Malawi inazilembetsa mu 2011 ku UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, pa mndandanda wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Chosowa ndi mapu amodzi, ojambulidwa pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, mafumu, akuluakulu a mzikiti ndi a tchalitchi, osonyeza pomwe sipayenera kumangidwa konse, pomwe pafunika kukumbidwa kaye pang'ono, ndi pomwe munthu angamange mopanda nkhawa.

Ndikudziwa kuti anthu akufuna malo, ndipo amene wagula puloti ndi ndalama za thukuta lake safuna kuchedwetsedwa. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, n'chifukwa chake mapuwo ayenera kubwera mapuloti asanagawidwe, kuti munthu adziwiretu chimene akugula. Wopeza mapale kapena mafupa pamalo pake asaope kuti akanena alandidwa malo, chifukwa mantha amenewo ndi amene amachititsa anthu kukwirira msanga n'kuthirapo simenti. Mahotela a m'mphepete mwa nyanja ndi makampani a misewu, amene amakumba mozama ndi makina, ndiwo ayenera kulipira okha kafukufuku ameneyu ntchito isanayambe.

Ndikupempha makhansala athu ndi a gogo chalo kuti nkhaniyi ilowe m'zokambirana za komiti yoona za mapulani, ndipo achinyamata ayende ndi agogo awo kulemba maina a malo akale amene akuwakumbukira, mapu asanajambulidwe.