Atolankhani, maliro si perekaniperekani

Zimene ndinaona pamaliro ena kwa Mponda sabata yathayi zandinyansa, ndipo sindingakhale chete. Jeneza yonyamulira maliro ili pamapewa, amuna akulandizana kupita kumanda, anyamata awiri a makamera n'kudula mzere pakati, wina mpaka kukankha nkhalamba ndi chigongono. Chifukwa? Kuti ajambule bwana wina wofika mochedwa pa galimoto ya magalasi akuda. Bwanayo envulopu ya chipepeso anaipereka kawiri, ati koyambako chithunzi sichinatuluke bwino. Nyuzipepala itabwera, dzina la bwana m'zilembo zikuluzikulu, ndalama zake kutchulidwa, koma dzina la malemu kulilakwitsa. Munthu woti waphunzitsa ana athu moyo wake wonse!

Kodi khalidwe limeneli munalitenga kuti, ana inu? Mayi wamasiye akugubuduka ndi chisoni, chitenje chamasuka, inu foni kumaso kwake. Munapempha kwa yani? Mwinimbumba munamuona? Amfumu munawalonjera n'komwe?

Si kumaliro kokha ayi. Mwana wa bwana akakwatira kumahotela a m'mbali mwa nyanja uku, masamba awiri athunthu: nsapato za mkwatibwi, kutalika kwa keke, yemwe anavina ndi yani. Wina akabweretsa timatumba tochepa ta ufa, ana amasiye kuwaimika padzuwa la Mangochi lino kuyambira m'mawa, osadya, kudikira "mlendo wolemekezeka". Mawa lake nkhope zawo zili m'nyuzipepala ndi pa Facebook ngati usipa woyanika pathandala, aliyense aone. Mwana ameneyo anzake akumuseka kusukulu, ndipo chithunzicho chidzamutsata mpaka kukula. Akanakhala wanu mukanalola?

Koma mwera ukamiza asodzi ku Malindi kapena ku Makanjira, timizere titatu pakona, ngakhale dzina la munthu mmodzi palibe. Msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja munauyendapo? Chambo chasowa m'nyanja ya Malombe, ndani mwa inu anakakhala padoko kumva asodzi? Kolera wa 2022 ndi 2023 akutilanda abale kuno, ena a inu tinkakuonani tsiku lobwera nduna lokha. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa: kopanda chipondamthengo miyendo yanu imalemera.

Nanunso akuluakulu, amalonda ndi andale, amene mumayamba kuimbira wojambula musanafunse kuti kusiwa kwatsala chiyani, chifundo chanucho n'cha mtundu wanji? Zimene mukuchitazi anthu akuziona, ndipo akusunga mumtima. Tsiku lina anamfedwa adzakupirikitsani pamaso pa khamu, makamerawo adzaphwanyidwa, ndipo sipadzapezeka wokuleretsani. Inunso atolankhani, ngakhale nkhani yoona imene mudzalembe, anthu adzangoti walipira ndani.

Ndipo inu akonzi, amene mumavomereza zoterezi muli phee m'maofesi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, manyazi mulibe?