Spiriti ndamusiya, panopa ndikameta ndevu ndimapaka alum

Abale anga ometa ndevu ndi lezala, tandimverani pang'ono. Kwa zaka zambiri ndikamaliza kumeta ndinkadzithira spiriti wapepo uja kumaso, monga amachitira kometetsa tsitsi. Ankawawa ngati moto, koma tiziphuphu tapansi pa chibwano osatha ayi.

Panopa ndili ndi kamwala ka alum, ndipo kwa spiriti sindibwererakonso. Nkoyera mbee, koterera ngati ayezi, kokwana m'chikhatho. Amwenye amakatcha fitkari, ndipo ometa akwawo akhala akukagwiritsa ntchito kuyambira kalekale. Ndikatha kumeta ndimasamba kumaso ndi madzi ozizira, ndimakanyowetsa, n'kukayendetsa pang'onopang'ono monse mwadutsa lezala. Ndimadikira masekondi 30 kenako n'kutsukuluza. Khungu limakungika, ndipo ngati ndadzicheka pang'ono magazi sachedwa kuleka.

Koma chimene ndimakakondera kwambiri n'choti sikanama. Spiriti amawotcha nkhope yonse, sudziwa kuti walakwitsa pati. Alum amaluma pokhapo pamene unakanikiza lezala kapena unabwerezabwereza. Ine ankandiluma malo amodzimodzi tsiku lililonse, pakhosi, kumanzere kwa kholingo. Nditayang'anitsitsa pagalasi ndinaona kuti ndevu za pamenepo zimamera chopingasa, pomwe ine ndinkangopala chokweza, motsutsana nazo. Ndevu zathuzi n'zopotana. Ukazidula mpaka pakhungu penipeni, nsonga yake imapinda n'kubayanso khungu, ndiye tiziphuphu tija timeneto. Alum sachiritsa zimenezi, wina asakunamizeni. Anangondilozera pamene dzanja langa linkalakwitsa. Nditayamba kumeta motsatira kumene ndevu zagonera, osakanikiza, ndi lezala wakuthwa, khosi langa linayamba kusalala.

Alum amaumitsa khungu, choncho mukatsuka dzolani mafuta, ngakhale Vaseline yemweyu. Mukamaliza kapukuteni n'kukaika pouma, chifukwa mukakasiya pamadzi kamasungunuka. Mukakasamala kamatha miyezi yambiri.

Chimodzi chokha ndikupempheni ndi mtima wonse: kamwala aka sikobwerekana. Kamakhudza magazi, ndiye kakhale kanu nokha ngati mswachi kapena lezala. Nanunso achimwene ometa anthu, ngati mwakakonda, musamapake kamwala kamodzi pa makasitomala onse. Auzeni aliyense azibwera ndi kake.