Wosunga wilo si mwini chuma, abale tamvetsani

Nkhani iyi imandiwawa mumtima ndipo lero ndilankhulako basi. Kuno ku Chipata tafika poti munthu akangopatsidwa udindo wogawa chuma cha malemu, kaya anatchulidwa mu wilo kaya banja linamusankha kukhala administreta, amayamba kuyenda ngati ndiye wapatsidwa zonse. Makiyi m'thumba, mapepala a nyumba pansi pa matilesi, foni sayankha, ukamupeza ati "nkhani ili m'manja mwanga, dikirani."

Pali banja lina ku Kapata, ndimapemphera nalo. Bambo wa pakhomopo asanamwalire ankanena poyera, pamaso pa akazi awo ndi ana, kuti ndinalemba wilo ndipo ili ndi mng'ono wanga. Maliro atatha anthu anakhala pansi, atsibweni afika kuchokera ku Katete, aliyense akudikira kuti pepala liwerengedwe, mng'ono uja ati sindikuliona, mwina linasowa posamuka. Chabwino pepala lasowa, nanga lendi ya nyumba ya ku Mchini bwanji siinasowe njira yopita m'thumba mwake mwezi ndi mwezi? Galimoto ikunyamula anthu pa msewu wa Lundazi, ndalama palibe waionako, mtsikana woyamba wasiya koleji kaamba ka mafizi. Mayi wamasiye akafunsa amauzidwa kuti mulamu mwayamba mwano, maliro a mwamuna wanu sanazizire mukufunsa kale za chuma. Mawu amenewa ndi amene amatseka pakamwa azimayi ambiri, ndipo owanena amadziwa bwino chimene akuchita.

Manje tamverani. Olo wilo isowe zoona, chuma sichikhala cha amene wagwira makiyi. Zambia ili ndi lamulo la Intestate Succession Act la 1989, la munthu amene wamwalira osasiya wilo, ndipo linagawa kale: 50 peresenti ya ana, 20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ya makolo a malemu, 10 ya ena amene malemu ankawasunga. Mng'ono kapena mkulu wa malemu amene ali ndi ntchito yake ndi banja lake mulibemo m'magawo amenewa ngati ana ndi mkazi alipo. Nyumba yokhalamo ndi ya ana ndi kholo lotsala, mayi ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha akakwatiwenso. Ndiye amene amabisa wilo poganiza kuti apeza mpata, lamulo linamutsekera kale, chimene amadalira ndi chakuti mayi ndi ana sakudziwa kapena akuopa.

Administreta ali ngati mbusa wa ng'ombe, amazitsogolera kudambo koma khola si lake. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa katundu, kulipira ngongole ndi za maliro, kugawira oyenera, ndipo khoti likafuna aonetse mmene ndalama zayendera. Kugulitsa nyumba kapena puloti payekha popanda chilolezo cha khoti saloledwa. Akakanika, khoti limatha kumuchotsa nkuikapo wina, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angamangidwe nawo. Anthu amaopa kuti loya ndi wodula, inde ndi wodula, koma kuli Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza amene sangakwanitse kulipira loya, kuli Victim Support Unit ku polisi, kulinso ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha malemu, ya Administrator General. Yambani mwafunsa kumeneko musanagonje.

Ndikudziwa ena anena kuti ife Achewa chuma chimatsata kuchikazi, ana a mlongo ndiwo olowa, Angoni nawonso ali ndi njira yawo ya kuchimuna. Mwambo sindikuunyoza ayi, ndipo minda ya kumudzi ya pansi pa mafumu lamulo lija siliikhudza, imeneyo akambe a nyakwawa ndi akuluakulu. Koma nyumba ya mtauni imene mayi anathandiza kumanga pogulitsa tomato ku Saturday Market zaka zonsezi, wina abwere ati mwambo? Mwambo wathu womwewo umati malume ndi nkhoswe, wosamala ana, nanga bwanji timangokumbukira mbali yotenga?

Ndipo inu azibambo amene mukali moyo, vuto lina mumaliyambitsa ndinu. Mumalemba wilo mwakabisira ngati mukuchita zoipa, kopi imodzi yokha, nkupatsa m'bale mmodzi amene nayenso ali ndi diso pa katundu yemweyo. Kulemba wilo sikuitana imfa. Ilembedwe, musayine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, ndipo mbonizo zisakhale anthu amene mwawapatsa kanthu mu wilo momwemo. Ina ikhale kwa loya, kopi ina kwa munthu wina wodalirika, akazi anu ndi mwana wamkulu adziwe komwe ili. Wogawa musankhe amene amatha kunena "ndalama ndi izi, zatuluka ndi izi" popanda kukwiya, olo asakhale wa magazi anu.

Mayi wa ku Kapata uja ndamuuza kuti Lolemba tipitire limodzi ku Legal Aid, atenge setifiketi ya imfa ndi mapepala onse amene ali nawo. Akuopabe kuti achibale a mwamuna wake amutenga ngati mfiti, koma wavomera.