Chikwangwani sichilondera mwana kuseri kwa chimbudzi

Makolo anzanga a kuno ku Lusaka, mtima wanga suli m'malo ndi mmene masukulu athu akulimbanirana ndi khalidwe la ana lopezerera anzawo. Zomwe timaona kawirikawiri ndi za tsiku limodzi. Ahedi alankhula mwamphamvu pa asembule, ana achita kasewero, ena anyamula zikwangwani, zithunzi zaikidwa pa Facebook. Mawa lake mwana yemwe uja walandidwanso ndalama yake ya zitumbuwa kuseri kwa zimbudzi. Bungwe la UNESCO, loona za maphunziro pa dziko lonse, linapatula Lachinayi loyamba la mwezi wa November kuti dziko lonse lizikumbukira nkhanza za m'masukulu, ndipo ine sindikutsutsa. Koma ntchitoyi ndi ya chaka chonse, komanso ya sukulu yonse.

Lipoti la UNESCO la 2019 linapeza kuti mwana wasukulu mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lapansi anali atazunzidwapo ndi anzake m'mwezi umodzi wokha, ndipo kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara anali pafupifupi theka la ana. Ndiye taganizirani kalasi ya ku Kanyama, ku Matero kapena ku Chawama chiyambire maphunziro aulere mu 2022, ana atadzaza mpaka pakhomo. Mphunzitsi mmodzi angadziwe bwanji kuti kamtsikana kakumbuyo kaja kasiya kukweza dzanja chifukwa anzake amakaseka kalankhulidwe ka kumudzi?

Ku Norway anadzidzimuka mu 1982, anyamata atatu atadzipha chifukwa chozunzidwa ndi anzawo. Chaka chotsatira boma linayamba kampeni ya dziko lonse, ndipo katswiri wina, Dan Olweus, anakonza ndondomeko imene maiko ambiri atengera. Chimene chimandigwira mtima ndi poyambira pake. Ana onse amapatsidwa mafunso oti ayankhe osalemba dzina: wazunzidwapo kodi, kangati, pamalo ati, unauza ndani. Kenako akuluakulu amakaima pamalo amene anawo atchula. Kalasi iliyonse imakambirana malamulo ake kawirikawiri, makolo nawonso amaitanidwa. M'masukulu a mumzinda wa Bergen nkhanza zinatsika ndi pafupifupi theka. Palibe chodula pamenepa. Pepala, cholembera ndi mphunzitsi wololera kuimirira pafupi ndi zimbudzi nthawi ya buleki.

Ku Finland, a yunivesite ya Turku anapanga ndondomeko yotchedwa KiVa, imene inafalikira m'masukulu awo kuyambira 2009. Iwo anayang'ana kwambiri ana oonerera. Wopezerera mnzake amafuna gulu lomusekera ndi kumutama. Gululo likakana kuseka, wina n'kukaima pambali pa wozunzidwayo, mphamvu zake zimachepa. Apa mpamene ife tikulephera kwambiri, chifukwa tomwe ndife timauza ana kuti "za eni osalowerera, iwe ungopita kukaphunzira." Mwana wanu si wozunza, si wozunzidwa, koma analipo, ndipo mwina ndiye anajambula pafoni n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la kalasi.

Ndikamati sukulu yonse, ndikuwerengera ndi alonda apageti, osesa, ngakhale amayi ogulitsa mandasi panja pa mpanda. Amenewa amaona zambiri kuposa ahedi. Amadziwa mwana amene amatsalira dala mpaka anzake onse atapita, amadziwa amene amatolera ndalama kwa ana aang'ono. Palibe amawafunsa. Mapulifeketi nawonso tiwayang'ane bwino. Mwana kumupatsa mphamvu zolanga anzake osamuphunzitsa malire, m'masukulu ogonera konko makamaka, ndiye kuti nkhanza tazipatsa baji. Akale amazunza atsopano, atsopanowo amadikira chaka chawo kuti abweze kwa obwera m'mbuyo, ife n'kumati ndi mwambo wa sukulu.

Pali ana ena amene ndondomeko iliyonse iyenera kuwaganizira mwapadera. Mwana wachialubino. Mwana wachibwibwi. Mtsikana amene wathimbiriritsa yunifolomu ali kumwezi, anyamata n'kumuimba nyimbo temu yonse. Komanso mtsikana wobwerera kusukulu atabereka. Boma linatsegula khomo limeneli mu 1997, koma khomo lotsegula lipindula chiyani ngati m'kalasimo akumutchula maina mpaka kusiyanso?

Ena mudzati mankhwala ake ndi chikoti basi. Ayi. Lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa kumenya ana kusukulu, ndipo lamulo loteteza ana la 2022 linatsindikanso. Ngakhale lamulo likanapanda kutero, mwana womenyedwa ndi mphunzitsi chifukwa chomenya mnzake waphunzira chinthu chimodzi chokha, chakuti wamkulu amamenya wamng'ono. Ambiri mwa ozunzawa ali ndi zawo zowawa kunyumba. Afunika kuletsedwa mosanyengerera tsiku lomwelo, makolo awo aitanidwe, koma wina akhalenso nawo pansi. Aphunzitsi a uphungu alipo m'masukulu ambiri, kungoti tawasenzetsa makalasi ochuluka moti alibe nthawi kapena kachipinda kolankhuliramo ndi mwana mwachinsinsi.

Abambo anzanga, mawu akuti "ndiwe mwamuna, kabwezere" tiwasiye. Mwana akabwera kudzakuuzani, ndiye kuti wapirira nthawi yaitali. Mukamubweza ndi mawu amenewa sadzabweranso.

Pa msonkhano wa PTA ukubwerawu, tikatha za madesiki ndi mpanda, wina aimirire afunse ahedi ngati anawafunsapo ana, osalemba maina, za malo amene amaopa pasukulupo. Afunsenso kuti mwana akanena, chimachitika n'chiyani mawa lake, ndipo amamuteteza ndani pobwerera kunyumba. Ngati yankho palibe, tipemphe kuti mafunsowo aperekedwe temu yomweyi, ife makolo tisonkhe mapepala. Ndipo mwana aliyense adziwe nambala ya 116 ya Childline, bungwe lothandiza ana amene ali pamavuto. Ndi yaulere, angathe kuimba ngakhale foni ilibe mayunitsi.